ANA A SUKULU KU MANGALANDE AYESEZERA ULENDO WA MU 1939

M'masukulu ambiri a pulaimale ku Mangalande muli mwambo umene awerengi athu angadabwe nao. Tsiku lina pa chaka ana amafika ku sukulu atavala zovala zachikale, kasutikesi kali m'manja, kabokosi kakulendewera m'khosi, ndipo pa malaya atamangapo kachikalata kolembedwa dzina la mwanayo, monga momwe anthu amachitira ndi mtolo wotumiza pa sitima.

Chiyambi chake ndi ichi. Boma la Britain, poopa kuti ndege za Ajeremani zidzagwetsa mabomba pa mizinda, linakonza zosamutsira ana ku midzi. Ntchitoyi, imene inatchedwa Operation Pied Piper, inayamba pa 1 September 1939, kutatsala masiku awiri kuti Bambo Neville Chamberlain alengeze nkhondo. M'masiku owerengeka anthu pafupifupi 1,500,000 anachoka ku London, Liverpool, Manchester ndi mizinda ina. Mwa iwo, ana a sukulu oposa 800,000 anapita opanda makolo, motsogozedwa ndi aphunzitsi ao. M'kabokosi kaja munali chophimba kumaso choteteza ku mpweya wakupha.

Lero aphunzitsi amafoletsa ana awiri awiri, kuwaitana maina, ndi kuwalembetsa kalata yopita kwa amai. Ena amapita nao kukakwera sitima ya malasha, monga ya Severn Valley Railway. Njira imeneyi ndi yoyamikika, pakuti mwana amene wanyamula yekha katundu wake sangaiwale msanga monga aiwalira chaka cholembedwa pa bolodi.

Koma pali mbali ina imene mphunzitsi ayenera kuilingalira mofatsa. Ana a 1939 atatsika sitima ankawasonkhanitsa m'holo ya pamudzi, ndipo m'malo ambiri eni nyumba ankabwera kudzadzisankhira mwana. Alimi ankafuna anyamata amphamvu, amai ena ankafuna atsikana aukhondo othandiza pakhomo. Otsala anali aang'ono, a nsanza, ndi apachibale amene anakana kulekana chifukwa amai ao anawalangiza kuti asasiyane. Amenewa mkulu wogawa malo ankayenda nao khomo ndi khomo kunja kutada. Wolandira mwana mmodzi Boma linkampatsa masheleni 10 ndi makobiri 6 pa sabata, ndipo akakhala ambiri, masheleni 8 ndi makobiri 6 pa mwana ali yense. Ambiri analera anawo ngati ao enieni; ena, tinene zoona, anaona ndalamazo ndi manja ogwira ntchito.

Kodi mphunzitsi ayeseze kusankhaku? Akakusiya, anawo adzayesa kuti kusamuka kunali ulendo wokaona ng'ombe ndi nkhosa. Akakuchita mwamphumphu, mwana wotsala yekha pakati pa holo adzalira misozi yeniyeni, pakuti manyazi sadziwa kuti ndi sewero. Ife tiganiza kuti kusankhako kuchitike ndi maere kapena manambala, ana onse atauzidwiratu, ndipo pambuyo pake akhale pansi afunsane mmene wotsalayo anamvera mumtima.

Chimene sewero silingathe konse ndicho kutalika kwa nthawi. Mwana wa lero belu likalira apita kwao. Anzake aja sanadziwe tsiku lobwerera. Mai Anna Freud ndi Mai Dorothy Burlingham, amene anasunga ana ku Hampstead pa nthawi ya nkhondoyo, anapeza kuti ana aang'ono ankasautsidwa kwambiri ndi kulekana ndi amai ao koposa ndi mabomba. Makolo naonso sanapirire: pofika January 1940, mabomba asanayambe kugwa, ana ambirimbiri anali atabwerera ku mizinda. Ndege zitayamba kuphwasula London pa 7 September 1940 anasamutsidwanso, ndiponso mu 1944 pofika mabomba ouluka a V-1. Ena anabwerera mu 1945 atasintha kalankhulidwe, napeza nyumba yao itagwa, kapena atate ao atatsala ku nkhondo.