Nkhokwe imodzi, makomo ambiri

Tikamayenda mu Evington Road kuno ku Highfields, timaona mashopu a mabanja ogulitsa zakudya ndi zovala. Enafe tili ndi mabizinesi oterowo, ndipo tikugulitsanso pa intaneti. Vuto ndi lakuti mpunga ukakwera mtengo timakonza m'shopu, pa webusaiti n'kuiwala, kasitomala n'kutiona ngati akathyali.

Pali njira yotchedwa headless CMS. Ili ngati nkhokwe: mitengo, zithunzi ndi mafotokozedwe a katundu zimasungidwa malo amodzi, padera ndi maonekedwe a tsamba. Webusaiti, pulogalamu ya pafoni ndi sikirini ya m'shopu zonse zimatapa m'menemo. Tikasintha kamodzi, paliponse pasintha. Kampani ya Contentful ya ku Berlin idayamba ntchitoyi mu 2013, ndipo Strapi ya ku France idatsatira mu 2015.

Koma tisapupulume. Nkhokweyi sibwera ndi tsamba lopangiratu. Pamafunika katswiri wolimanga ndi kulisamalira, ndipo amalipidwa mapaundi. Kwa amene ali ndi webusaiti imodzi yokha, WordPress wamba ndi yokwanira. Tiyambe tawerenga makomo athu tisanatulutse ndalama.