Mkangano wa Olumpha pa Madzi Oundana

Ku maiko a kumpoto, monga Norway, Sweden ndi Canada, chisanu chimakula kwambiri, kotero kuti madzi a m'nyanja amaundana pamwamba, nalimba ngati thanthwe. Anthu a kumeneko amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chachitali kunsi kwake, natsetsereka nazo pa madziwo. Akatswiri a masewerawa amalumpha, nazungulira m'malere katatu kapena kanayi asanatere.

Chitsulocho nchokumbika pang'ono pakati pake, chotero chili ndi mphepete ziwiri zakuthwa: ina ya mkati, yoyang'ana phazi linzake, ndi ina ya kunja. Kutsogolo kwake kuli mano onga a sowo.

Malumphidwe aakulu alipo 6. Pa onsewo munthu amatera mofanana, ali kuyenda chafutambuyo, pa mphepete ya kunja ya phazi limodzi. Tsono chowasiyanitsa ndicho kanyamukidwe kake. Axel Paulsen wa ku Norway anaonetsa kwake ku Vienna mu 1882. Iye ananyamuka ali kuyang'ana kutsogolo, ndipo kulumphako kumatchedwa Axel kufikira lero. Malumphidwe ena onse munthu amanyamuka chafutambuyo.

Mkangano waukulu uli pa kulumpha kotchedwa Lutz, kumene Alois Lutz wa ku Austria anachita mu 1913. Wolumpha amatsetsereka pa mphepete ya kunja ya phazi limodzi, nabaya madzi oundanawo ndi mano a phazi linzake, nauluka. Kulumphaku nkovuta, pakuti njira yake imakhotera kwina, koma thupi liyenera kuzungulira kwina. Kulinso kulumpha kwina kotchedwa flip, kofanana nako, koma konyamukira pa mphepete ya mkati. Kumeneko njira ndi thupi zimamvana. Chifukwa chake mu 2018 bungwe loyang'anira masewerawa, International Skating Union, linaika malikisi 5.90 pa Lutz ya kuzungulira katatu, ndi 5.30 pa flip.

Koma ambiri, pofuna kunyamuka, phazi lawo limapendekera mkati mosadziwa. Apa mpamene aphunzitsi ndi oweruza amatsutsana. Ena amati munthu wotere sanalumphe Lutz konse. Wachita chapafupi, nafuna mphotho ya chovuta, ndipo ali kudyera mnzake amene anavutika kuphunzira bwino. Ena amati kupendekako nkochepa ndi kofulumira, kwakuti diso lingathe kunyengedwa, ndipo si bwino kulanda munthu ntchito ya zaka zambiri pa chinthu chimene oweruza sanachione bwino.

Mu 2004 bungwe lija linakhazikitsa njira yatsopano yoweruzira, imene akatswiri amaonanso kulumphako pa kanema. Mphepete ikakhala yolakwika ndithu, amalemba chilembo cha "e", nachotsa malikisi. Ikakhala yokayikitsa, amalemba chizindikiro cha "!", ndipo chilango chake chimachepa. Ngakhale zili tero, anthu saleka kutsutsana, pakuti pa mpikisano waukulu theka la malikisi lingathe kulekanitsa woyamba ndi wachiwiri.

Pa chinthu chimodzi chokha mpamene onse amavomerezana: phazi limene linazolowera kupendeka pa ubwana limavuta kukonza munthu atakula. Nchifukwa chake mphunzitsi wanzeru salola mwana kuthamangira kuzungulira kambiri asanaphunzire kunyamuka bwino. Kuwongola mtengo mpoyamba.