Kunyanja osadya mpamba

Msika wa fodya ku Chinkhoma ukatsekedwa, malonda pa Kasungu amazilala. Apa m'pomwe mavenda ena amasonkherana zokasangalala kunyanja ku Nkhotakota pa Tsiku la Anakubala, 15 Okutobala.

Lamulo lawo n'limodzi: mpamba sakhudza. Ya ulendo imachokera m'chipereganyu, ndipo minibasi amachita hayala pagulu, kudzera msewu wa M18 wodutsa m'nkhalango ya nyama. Ufa, makala ndi mapoto amanyamula kunyumba, pomwe ndiwo amagula kwa asodzi padoko. Malo ogona amakwera mtengo patsikuli, choncho amalawirira m'bandakucha n'kubwerako madzulo.

Ochenjera sabwerera chimanjamanja. Amapikula usipa wouma ndi mpunga wa kilombero wodzagulitsa mumsika wa Kasungu, ndipo phindu lake limabweza ya thiransipoti.