Olemba nambala za nyumba ku Misisi

Munthu wa ku Misisi, komboni ya kum'mwera kwa tauni ya Lusaka, akamalondolera mlendo kwawo satchula dzina la msewu. Amati, "Mukafika pogulitsira makala mukhote kumanzere, mudzaona chitseko chobiriwira." Mlendo amafika ndithu. Koma khonsolo, kampani ya madzi ndi a zaumoyo sangayendetse ntchito ndi chitseko chobiriwira, ndipo n'chifukwa chake m'makomboni monga Misisi, Kanyama, Chawama ndi George mumapezeka anyamata ndi atsikana akuyenda khomo ndi khomo, foni kumanja.

Ambiri amati ntchito yawo ndi kujambula mapu. Kujambula n'kumene kwapepuka masiku ano. Mu 2021 bungwe la ku Britain la Ordnance Survey linapatsa kompyuta zithunzi za m'mwamba, ndipo inatulutsa mapu a dera la Lusaka lokwana masikweya kilomita 420, okhala ndi zinthu zoposa 300,000. Vuto n'lakuti kompyuta imangoona malata. Sidziwa kuti pansi pa denga limodzi pali mabanja angapo a lendi, kuti kanyumba ka pakona ndi chimbudzi cha onsewo, kapena kuti chitsime chakumbidwa pafupi nacho. Izi zimafuna munthu woponda matope.

Munthuyo amafika pakhomo. "Odi kuno, amai!" Nthawi zambiri mayankho ake amakhala mafunso: "Mwatumidwa ndi ndani? Mufuna kutigwetsera nyumba?" Mantha amenewa si opanda pake. Makomboni ambiri anayamba popanda chilolezo, ndipo ngakhale lamulo la 1974 linatsegula njira yoti okhala m'madera ovomerezedwa alandire chiphaso chokhalapo zaka 30, mlendo wolemba zinthu za pakhomo amamukayikirabe. Wodziwa ntchito salowa yekha. Amatsagana ndi munthu wa m'komiti ya chitukuko ya wodiyo, wodziwika ndi aliyense, ndipo amayamba ndi malonje asanatsegule mafunso a pa KoboToolbox kapena ODK.

Kenako amaima panja, kudikira kuti GPS ikhazikike. Foni imatha kuphonya ndi mamita angapo, ndipo ku Misisi mamita angapo ndi nyumba ya mnansi. Ndiye kadontho ka pa mapu pakokha sikokwanira. Chimene chimagwira nyumbayo ndi nambala imene yapatsidwa, yoti isasinthe ngakhale mwini wake agulitse, alendi asamuke, kapena chitseko chipakidwe utoto wina. Ili ngati nambala ya chitupa cha NRC: munthu akwatiwe, asinthe dzina, asamukire ku Mtendere, nambalayo ndi yomweyo. Chimbudzi chimalandira yake, malo otungira madzi yake, ndipo m'kaundula wa nyumbayo salembanso nkhani yonse ya chimbudzi, amangoikamo nambala yake. Chimbudzicho chikadzaza n'kupopedwa, monga amachitira a Kanyama Water Trust kwawo, amakonza kaundula pamalo amodzi ndipo nyumba zonse zolumikizidwa nacho zimaonetsa zatsopanozo.

Pali wantchito wina amene anthu a m'komboni samuona, wokhala pa kompyuta mu ofesi. Kwa ine, uyu ndiye ali ndi katundu wolemera. Amalandira makaundula a mabungwe osiyanasiyana n'kupeza kuti mpopi umodzi walembedwa katatu, kwina ndi dzina la msika, kwina ndi dzina la wogulitsa madzi, kwina ndi nambala imene palibe akukumbukira amene anaipereka. Ayenera kugamula ngati ndi mipopi itatu kapena umodzi. Amalembanso mbiri ya kaundula aliyense: anasonkhanitsa ndani, liti, ndi chipangizo chanji. Mulingo wa dziko lonse wotchedwa ISO 19115, umene unatuluka mu 2003, umapereka malo oti mbiri yotereyi ikhale ndi nambala yakeyake, kuti wopanga mapu ena angolozera kumeneko m'malo mokopera. Pa OpenStreetMap naponso nyumba iliyonse yojambulidwa imalandira nambala yake. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo ndi imene imasiyidwa ndalama zikayamba kuchepa.

Phindu lake limaoneka kolera ikabuka, monga mu Okutobala 2017, kapena mu 2024 pomwe bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala. Ngati nyumba ya wodwala, chitsime chimene amamwa ndi chimbudzi chawo zili ndi nambala zogwirizana, a zaumoyo amadziwa koyambira kuthira mankhwala. Ngati sizigwirizana, amayamba kufunsa njira pogulitsira makala.

Chondidandaulitsa n'chakuti ntchitoyi ndi ya ganyu. Bungwe limabwera, limaphunzitsa achinyamata, amayenda masabata angapo, ntchito yatha. Lina likabwera limayamba kuwerenga kuchokera pa 1 ndi nambala zakezake, osafunsa za anzawo. Kalembera wa 2022, amene anachitika ndi matabuleti, anasiya achinyamata ambiri odziwa kugwira zipangizozi. Owerengeka amapitiriza maphunziro a zoyeza malo ku University of Zambia. Ena onse amabwerera kukagulitsa pamsika kapena kukakhala m'kabokosi kotumizira ndalama, chonsecho ndi iwo amene akudziwa kuti nyumba iti ili ndi nambala iti.