Chingwe cha Khoka ndi Khomo la Sukulu

Aliyense amene anaimapo pamchenga wa ku Senga Bay mbandakucha, mwera utaleka, asodzi akukoka khoka moyang'anana ndi chilumba cha Namalenje, adziwa kuti pachingwe paja safunsa za makutu kapena lilime la munthu. Wosamva agwira pambuyo pa wakumva, natsata ndi maso mayendedwe a anzake, ndipo pogawana nsomba alandira gawo lake lathunthu. Koma mwana wosamva, kapena uja amene malungo aakulu anamsiyira khunyu ndi mutu wochedwa kugwira, akalowa m'kalasi lodzaza mpaka pakhomo, asanduka mlendo pakati pa abale ake.

M'chaka cha 1994 maboma 92 anasonkhana ku Salamanca, m'dziko la Spain, nagwirizana kuti mwana wolumala aziphunzira pasukulu imodzi ndi anzake. Chaka chomwecho kuno kwathu fizi ya kupulayimale inathetsedwa, ana nakhamukira kusukulu ngati nkhungu panyanja, olumala ali momwemo, aphunzitsi osawonjezeka molingana. Anzathu a ku Italy anali atayamba kale, pakuti lamulo lawo la 1977 linathetsa makalasi opatula, niliika mphunzitsi wothangata amene ntchito yake ndi kukhala pambali pa mwanayo, kugwirizana ndi mwini kalasi, ndi kukonza phunziro molingana ndi mphamvu zake.

Nafenso tili nawo aphunzitsi otere, osulidwa ku Montfort, ku Nguludi, koma zotuta zichulukadi, antchito ali owerengeka. Motero wosamva wamwayi atumizidwa kukagonera kusukulu ya osamva ya ku Mua, kutali ndi nsima ya amake, wopanda mwayi natsala pakhonde akusoka ukonde. Amene asenza katunduyu tsiku ndi tsiku ndi mnzake wa mwana wolumala, womuwerengera za pabolodi ngati saona ndi kumkweza panjinga, pamodzi ndi mphunzitsi womkhazika kutsogolo chifukwa anakula akumva kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mtima umenewu ndiulemekeza, ndipo sindiusinthanitsa ndi lamulo la dziko lililonse; komabe ndinena mosabisa kuti chifundo pachokha sichiwerenga zilembo za Braille, ngakhale kuyankhula chinenero cha manja. Chimene ndipempha akuluakulu a maphunziro ndi chakuti sukulu za kunyanja kuno zikhale ndi mphunzitsi wodziwa ziwirizi, kuti mwana wa msodzi aziphunzira m'mawa, madzulo nakagona kwa amake.