Mapu Amene Ife Tomwe Tingathe Kukonza

Kwathu ndi ku Kameza, pamene msewu wopita ku bwalo la ndege la ku Chileka usiyana ndi uja wopita ku Lunzu ndi ku Zalewa. Koma nyumba yathu siiri pamsewu ai. Munthu wofuna kufika kwathu ayenera kusiya phula, kutsata msewu wafumbi, ndi kutsetsereka kufikira pa kamtsinje kena kamene m'chilimwe mwana angathe kukalumpha, koma m'dzinja kamakokolola ndi mbuzi zomwe. Tsidya la kamtsinjeko ndiko kwathu. Anthu oyenda pansi amaoloka podumpha miyala, koma galimoto iyenera kuzungulira kumtunda kumene kuli mlatho.

Pa tchuthi cha Khirisimasi chapitachi agogo anadwala usiku, mvula iri kugwa. Achimwene anaitana pa foni munthu wina wagalimoto, namuuza kuti adzere kumtunda. Munthuyo anali mlendo kwathu kuja, ndipo anakhulupirira mapu a m'foni yake koposa mau a achimwene, pakuti mapuwo anamsonyeza njira yachidule yofika pakhomo pathu penipeni. Posakhalitsa tinaona nyali za galimoto zitaima tsidya lija, madzi ali kulindima pakati pa ife ndi iye. Kuti abwerere ndi kuzungulira m'matope amenewo ikadapita nthawi yaitali, chotero achimwene anabereka agogo kumsana naoloka madzi ofika m'ntchafu, ine ndiri kuunikira ndi tochi. Mwamwayi agogo anachira. Koma ine ndinabwera kuno ku sukulu ndi funso limene linandisowetsa tulo m'chipinda chogona: kodi amalemba mapu ndani, ndipo akalakwa timakadandaula kwa yani?

Ndinafotokozera aphunzitsi athu a Jogalafe nkhani yonseyi. Iwo sanayankhe msanga, koma Loweruka masana anatitenga ife anayi kunka nafe m'chipinda cha makompyuta, natisonyeza mapu ena a pa intaneti ochedwa OpenStreetMap. Ndifuna kukuuzani, anzanga, zimene ndaphunzira za mapu amenewa, popeza ambiri a ife timaganiza kuti mapu ali ngati buku la masamu, lolembedwa kale ndi anthu anzeru akutali, limene ife tingoliwerenga.

Mapu amenewa anawayamba mnyamata wina wa ku England, dzina lake Steve Coast, m'chaka cha 2004. Masiku amenewo munthu wofuna kugwiritsa nchito mapu a boma la kwaoko anayenera kulipira ndalama zambiri. Iye anaganiza kuti ngati anthu wamba, yense kwao, atalemba misewu imene amayendamo, mapu a dziko lonse lapansi angathe kupangidwa, nakhala a wina aliyense. Palibe amalandira malipiro chifukwa chongolowa ndi kulembamo njira ya kwao. Nchito yake ifanana ndi ija yolambula msewu wa kumanda: amene ali ndi khasu amafika nalo, ndipo onse amayendamo.

Kalembedwe kake nkotere. Pa kompyuta pamaoneka chithunzi cha dziko chojambulidwa kuchokera kumwamba ndi makina ozungulira m'mlengalenga. Nyumba zimaoneka madenga okha, mitengo ngati timadontho takuda, ndi misewu ngati ulusi. Wolemba amatsata m'mbali mwa denga ndi mzere, nanena kuti iyi ndi nyumba. Amatsata ulusi uja, nanena kuti uwu ndi msewu. Zinthu zonse za m'mapumo ziri za mitundu itatu yokha: kadontho, monga mjigo kapena chigayo, mzere, monga msewu kapena mtsinje, ndi malo otsekeka, monga nyumba kapena bwalo la mpira. Koma mzere wokha suthandiza kanthu. Chofunika ndicho mau amene munthu amamangirira pa mzerewo, onena ngati ndi msewu wa phula, wa fumbi, kapena kanjira ka miyendo kokha, ndiponso ngati pamene udutsa madzi pali mlatho kapena anthu amangovuula.

Apa ndi pamene ndinamvetsa zimene zinachitika usiku uja. Munthu wokhala ku London kapena ku Nairobi, poyang'ana chithunzi cha kwathu chojambulidwa mwezi wa Okutobala, aona msewu uli kutsika kumtsinje, aonanso wina uli kukwera tsidya linalo, ndipo madzi saoneka konse. Iye alumikiza mizere iwiriyo ndi mtima wabwino ndithu. Sanganene bodza mwadala, koma sanaimepo pa kamtsinje kathu mu Januwale. Pali zinanso zimene munthu wakutali sangazidziwe. Uvuni wa njerwa, ukauona kuchokera kumwamba, uli ndi ngodya zinayi monga nyumba, ndipo kwathu ku Kameza mauvuni ndi ambiri zedi. Nyumba ya udzu imabisala pansi pa mtengo wa mango. Ndiponso chithunzicho chingakhale cha zaka zitatu zapitazo, pamene malo amene lero pali nyumba makumi awiri panali munda wa chimanga.

Musaganize kuti ndiri kunyoza anthu akutaliwo iai. Pa 12 Januwale 2010 chivomezi chachikulu chinagwetsa mzinda wa Port-au-Prince ku Haiti, ndipo opita kukathandiza anasowa mapu abwino. Anthu mazana angapo a m'maiko osiyanasiyana anakhala pa makompyuta ao usana ndi usiku, ndipo m'masiku owerengeka misewu ya mzindawo inalembedwa. Pa nchito imeneyo panakula bungwe lochedwa Humanitarian OpenStreetMap Team. Bungwe lomwelo linafika kuno kwathu m'chaka cha 2014, nkugwira nchito ndi a boma ndi ophunzira a Chimalawi polemba midzi, misewu ndi nyumba za ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene Shire amasefukira kawirikawiri. Miyezi yowerengeka itapita, mu Januwale 2015, chigumula chachikulu chinadzadi kuchigwako. Ife a ku Blantyre tinkayesa kuti zotere nza kuchigwa kokha, kufikira mu Malichi 2023 pamene namondwe Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala nkukwirira nyumba ku Chilobwe. Pa tsiku lotere opulumutsa anthu afuna kudziwa kuti pamalo panali nyumba zingati, ndi kuti njira yoloweramo iri kuti. Mapu olakwa angawatume kumene kulibe munthu.

Chifukwa chake a bungweli ali ndi njira yao yoyesera nchito. Dera lofunika kulemba amaligawa m'timabwalo ting'onoting'ono monga mapoloti. Munthu amatenga kabwalo kamodzi, ndipo pamene ali kulembamo wina sangakatenge. Akatsiriza, munthu wachiwiri wozolowera nchitoyo amadza kudzayang'ana nyumba iriyonse ndi mzere uliwonse, navomereza kapena kubweza. Chinthu china chimene chinandikondweretsa nchakuti chosintha chirichonse chimasungidwa pamodzi ndi tsiku lake ndi dzina limene wolembayo amadziwika nalo, kotero kuti munthu akaononga, kaya mwadala kaya mosadziwa, zakale zingathe kubwezedwa.

Ine ndinalawako kubwezedwa kumeneku. Loweruka lachiwiri ndinalemba nyumba zambiri mofulumira, pofuna kupambana mnzanga wa Fomu 4 amene tinali kupikisana naye. Mlungu wotsatira ndinapeza kakalata ka m'Chingerezi kochokera kwa munthu amene sindidzamuona nkomwe. Anandithokoza poyamba, kenaka nandiuza kuti nyumba zanga zinali zokhota ngati mbatata, kuti zina ndinazilemba pamodzi ndi mithunzi yake, ndi kuti misewu yanga iwiri inayandikana koma sinakhudzane. Cholakwa chachitatuchi ndicho choopsa, ngakhale maso sachiona msanga. Makina osonyeza njira amatsata mizere yolumikizana yokha. Pakatsala mpata wonga tsitsi, iwo amati palibe podutsa, natumiza munthu ulendo wozungulira. Ndinachita manyazi, koma ndinakonza zonse, ndipo kuyambira pamenepo ndimalemba nyumba zochepa.

Aphunzitsi anatipatsanso malamulo awiri. Loyamba, tisakope kanthu kuchokera m'mapu a makampani monga Google, pakuti amenewo ali ndi eni ake, ndipo kukopa kungaipitse nchito ya anthu onse. Lachiwiri, tilembe chokhacho chimene munthu wina atapita pamalopo angachipeze. Mnzanga wina anafuna kulemba kuti nyumba ya kwao ndi hotela, kuti atchuke. Aphunzitsi anamfunsa kuti, “Nanga mlendo akafika usiku ndi katundu wake, amai ako akamgoneka pati?” Tonse tinaseka, iye nafufuta.

Kamtsinje kathu ndinakakonza ndi dzanja langa. Mzere wotsika kumadzi ndinaulemba kuti ndi kanjira ka miyendo, podutsa madzi ndinaikapo chizindikiro cha pooloka popanda mlatho, ndipo mlatho wa kumtunda ndinaulumikiza bwino ndi msewu wake. Zinanditengera mphindi zosakwana makumi awiri. Zina sindingazichite ndiri kuno, popeza mafoni saloledwa pa sukulu ndipo chikumbumtima cha munthu chimanama. Chotero aphunzitsi andisindikizira mapu a dera lathu pa pepala, kuti pa tchuthi chikudzachi ndikayende nalo ndi pensulo, ndikulemba mijigo imene ikutulutsa madzi ndi imene inafa, zigayo, ndi njira zimene njinga zamoto za kabaza zimadutsa koma galimoto ai.

Chimene chandivuta ndi dzina la kamtsinjeko. Ife anyamata timakatchula ndi dzina la munthu wina amene kale ankaumba njerwa m'mbali mwake, ndipo ndilo dzina limene a kabaza onse amalidziwa. Pamene amai anadza kudzandiona pa tsiku la makolo ndinawauza kuti ndifuna kulemba limenelo. Iwo anakafotokoza kunyumba, ndipo agogo anditumizira mau akuti ndisayerekeze, pakuti kamtsinjeko kali ndi dzina lake lenileni limene anakapeza nalo pamene anadzakwatiwa kumeneko, woumba njerwayo asanabadwe. Aphunzitsi ati mapuwa amalola maina awiri, lina lalikulu ndi lina lapambali, koma sanandiuze loti likhale pamwamba. Ndasiya malowo opanda dzina kufikira nditakaonana ndi amfumu, ndipo agogo ati adzandiperekeza okha.