MANYUCHI A MANGO NDI UKHONDO WAKE

Kuyambira Novembala mpaka Januwale mango ambiri amangoolera pansi ku Chintheche, Kande ndi Usisya, namaitana ntchentche. Mayi wanzeru angathe kuwasandutsa manyuchi osungunulira m'madzi akumwa kapena othira m'phala la ana. Mango akupsa ali ndi vitamini A amene amateteza maso.

Kakonzedwe kake:

1. Sambani m'manja ndi sopo. Sankhani mango osaola ndipo muwatsuke.
2. Asendeni, afinyeni ndi kusefa pa kansalu kowiritsa.
3. Pa makapu awiri a madzi a mangowo thirani makapu awiri a shuga ndi madzi a ndimu imodzi.
4. Wiritsani mphindi 15 mukutakasa.
5. Thirani akali otentha m'botolo lowiritsa, nimutseke.

Shuga wochuluka ndi kuwawasa kwa ndimu ndizo zimachedwetsa tizilombo kuswana. Komabe manyuchiwa asapitirire sabata imodzi; akachita thovu kapena nkhungu, atayeni.

Ngozi yaikulu ili pa madzi osungunulira. Nyengo ya mango ndiyonso ya mvula, pamene zonyansa zimakokolokera m'nyanja. Mu 2022 kolera inavuta kwambiri m'boma la Nkhata Bay. Madzi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera, awiritseni kapena athireni klorini musanasakanize.

Kumbukirani: manyuchi si mankhwala. Mwana wotsegula m'mimba mpatseni Thanzi ORS ndi kupita naye kuchipatala, chifukwa zotsekemera kwambiri zimaonjezera kutsegulako. Odwala matenda a shuga awapewe.